Musathamangire magiya 12, achimwene

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi apabanja kutaliko. Ife kuno tilipo, kungokusowani basi. Uthenga wanu ndinaulandira. Mukuti zitunda za kumeneko zikukuthetsani mankhalu, ndiye mukuganiza zochotsa magiya 10 a kumbuyo kwa njinga yanu ya liwiro ija n'kuikapo 11 kapena 12. Ndisakubisireni: ndalamazo zigwireni kaye.

Chimene chimafewetsa njinga pa chitunda si kuchuluka kwa magiya ayi, koma chiwerengero cha mano. Mano akakhala ochepa pa mbale ya kutsogolo, ya pa mapedulo, n'kukhala ambiri pa kagudumu kakakulu ka kumbuyo, kupalasa kumapepuka. Tiyeni titenge cassette ya Shimano ya 11-28, mulu wa timagudumu ta mano ta kumbuyo tija. Ya magiya 10 imayenda chonchi: 11, 12, 13, 14, 15, 17, 19, 21, 24, 28. Ya magiya 11 imafanana nayo mpaka pa 21, kenako 23, 25, 28. Mwaona? Zonse zayambira pa 11, zonse zathera pa 28. Zili ngati kuwonjezera sitepe imodzi pa masitepe okwerera chipinda cham'mwamba: phazi silitanyula kwambiri, koma chipindacho sichinatsike. Mukafika pa chitunda chimene chimakutsitsani pa njinga lero, chidzakutsitsaninso.

Sindikunena kuti giya yowonjezerayo ndi yachabe. Amene amathamanga m'gulu, tayala kutsata tayala, amafuna miyendo izizungulira mosasinthasintha, mwina ka 80 kapena 90 pa mphindi. Kwa iwo kudumpha kuchoka pa 21 kufika pa 24 n'kwakukulu, chifukwa giya ina imalemera, inayo imapepuka mopitirira, ndipo anzawo amawasiya. Koma inu mumapalasa nokha Loweruka m'mawa, mukatopa mumaima n'kumwa madzi. Akukuthamangitsani ndani?

Ndiye pali nkhani ya zogula, ndipo apa ndi pamene anthu amadzidzimuka. Cassette yokha siikwanira. Zosinthira magiya za pa hendulo zimakoka waya mlingo woyezedwa kale nthawi iliyonse mukadina, choncho za 10 sizingagwire pa 11, ndipo pa njinga zotere n'zophatikizana ndi zogwirira mabuleki, n'chifukwa chake zimadula. Tcheni nacho chimafunika chopyapyala, poti timagudumu tayandikana. Derailleur ya kumbuyo, kachipangizo kamene kamasuntha tcheni pa timagudumu tija, kawirikawiri imasinthidwanso. Chowawa kwambiri ndi gudumu: freehub (pamene cassette imalowa pa gudumu) ya Shimano ya magiya 11 ndi yotalikirapo ndi mamilimita 1.85 kuposa ya 10, motero pa gudumu lakale ma cassette ambiri a 11 salowa. Kangachepe komweko kakhoza kukugulitsani gudumu latsopano. Mukati mupite ku magiya 12 a kampani ya SRAM, nthawi zambiri amafuna freehub yawoyawo yotchedwa XDR. Zida za Shimano za Dura-Ace ndi Ultegra za 12 nazo n'zoyendera batire zokhazokha, ndiye mudzakhala mukutchaja njinga.

Makampaniwa akhala akuwonjezera kamodzikamodzi. Campagnolo inatulutsa magiya 11 mu 2008, Shimano inatsatira mu 2012. Pa njinga za liwiro, a 12 anayamba ndi Campagnolo yomweyo mu 2018, SRAM mu 2019, Shimano mu 2021. Tanthauzo lake, chisanafike chaka cha 2008 akatswiri a mpikisano wa njinga wa Tour de France ankakwera mapiri a Alps ndi magiya 10 kumbuyo kapena ocheperapo, ndipo ankafika pamwamba. Amene muli nawowo si akale moti n'kuchita nawo manyazi.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kuwerenga mano. Ngati mbale ziwiri za kutsogolo zili ndi mano 53 ndi 39, vuto lagona pamenepo, sinthani muike 50 ndi 34. Kumbuyo funani cassette ya magiya 10 omwewo koma yofika pa 32 kapena 34, zilipo. Taganizani: 39 kutsogolo ndi 25 kumbuyo, mapedulo akazungulira kawiri gudumu lazungulira katatu n'kupitirira pang'ono. Koma 34 ndi 34, pedulo kamodzi gudumu kamodzi. Kusiyana kumeneko maondo amakumva tsiku lomwelo. Chenjerani chinthu chimodzi: derailleur ya mkono waufupi siifika pa mano 34, pamafunika ya mkono wautali, ndi tcheni chotalikirapo. Zimenezi zikadali zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kusintha zonse. Komanso ngati magiya akumalumpha kapena kuchedwa kulowa, musafulumire kuweruza njinga. Nthawi zambiri ndi waya wadzimbiri kapena tcheni chotanuka.

Nthawi yabwino yokwera pa 11 kapena 12 idzafika yokha, pamene zosinthira za pa hendulo zidzathyoke, mano n'kukhala ataperepeseka, tcheni chitatha. Pamenepo mudzakhala mukugula zonse basi, ndiye kuwonjezerapo pang'ono sikudzapweteka. Kapena tsiku limene mudzagule njinga ina, idzabwera nawo okha.

Mukapeza mpata, werengani mano a mbale ziwiri za kutsogolo ndi a kagudumu kakakulu ka kumbuyo, mujambulenso derailleur chapafupi munditumizire, kuti tione chimene chingalowe. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa nthawi zonse.