Musanagule makina odulira masitika, funsani za kampeni kake

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi achinyamata amene akusunga ndalama zoti agule makina odulira vinyl (pepala lapulasitiki lomata), aja odula zilembo zomata pa maminibasi, pa zikwangwani ndi pa matisheti a pachinkhoswe. Ambiri amangofunsa mtengo. Zimatiwawa kuona makina abwinobwino atafunditsidwa nsalu chaka chisanathe, pomwe vuto lake ndi kampeni kamene kabuntha ndipo kena kakusowa, kapena pulogalamu imene ikukana kutseguka.

Yambani ndi ntchito imene mukufuna kugwira. Silhouette Cameo 4 ndi Cricut Explore amadula masentimita pafupifupi 30 m'lifupi, okwanira matisheti, makapu ndi manambala a pa jezi. Wofuna zikwangwani apeze makina a mamilimita 720 m'lifupi okhala ndi miyendo yake, chifukwa mpukutu wa vinyl wa masentimita 61 umalowa wonse osaucheka.

Pulogalamu ya Cricut, Design Space, imafuna akaunti ndi intaneti kuti mulowetse zithunzi zanu zatsopano, ndiye bandulo ikatha ntchito yatsopano yaima. Silhouette Studio imagwira popanda intaneti. Makina otchipa ochokera ku China amabwera ndi Artcut kapena SignMaster. Musachoke kwa wogulitsa, makamaka ngati makinawo ndi ogwiritsidwapo kale, asanakupatseni nambala yotsegulira pulogalamuyo ndi kuiyesa pa laputopu yanu.

Nkhani yaikulu ndi kampeni. Makina ambiri a 720 amalandira timipeni ta mtundu wa Roland, totchipa, togulitsidwa m'paketi, pomwe Cricut ndi Silhouette amafuna tawotawo tokwera mtengo. Kansonga yopendekera madigiri 45 n'ka vinyl wamba, ka madigiri 60 n'ka yokhuthala monga yonyezimira usiku ija. Ongoyamba kumene amakatulutsa kwambiri poganiza kuti kadula bwino. Ayi ndithu. Nsonga ituluke pang'ono chabe, theka la kuchindikala kwa khadi la ku banki. Gwirani chosungira kampenicho m'manja, muchikokere mozungulira pa kachidutswa ka vinyl. Chidule pamwamba pokha n'kusiya kamzere kosaoneka bwino pa pepala lapansi. Chikaboola pepalalo, nsonga idzathyoka msanga ndipo mudzang'amba kalamba kapulasitiki kamene kampeni kamayendapo.

Mphamvu yopanikizira yambirani pa magalamu 80, muzikweza ndi 10 mpaka zilembo ziyambe kusendeka mosavuta. Offset, nambala imene imauza makina mtunda wochokera pakati pa kampeni kufika pa nsonga yake, pa kampeni ka madigiri 45 imakhala pafupifupi mamilimita 0.25. Ikachepa, ngodya za zilembo zimatuluka zozungulira. Ikachuluka, zimamera tinyanga. Anthu abwezapo makina osalakwa chifukwa cha kanambala kameneka.

Musanalipire, uzani wogulitsa adule zilembo zazitali sentimita imodzi. Makina otchipa ali ndi mota ya stepper, yaphokoso, imene imadula tizilembo mwamanomano, ndipo muone nokha ngati mungapirire nazo, popeza a mota ya servo, imene imadula mosalala, monga Graphtec ndi Roland ndi okwera mtengo kwambiri. Kenako ayendetse mamita atatu a vinyl kutsogolo ndi kumbuyo. Ikayamba kupendekera mbali imodzi, timawilo topanikiza tatha kapena sitikugwira mofanana, ndipo chikwangwani chilichonse chachitali chidzatuluka chokhota.

Werengani kachitsulo kolembedwa za magetsi kumbuyo kwa makinawo. Magetsi athu ndi a mavoti 230, pomwe makina ena opangira msika wa ku America ndi a 110 okha ndipo amapsa mukangolumikiza. Gulaninso ka UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, chifukwa magetsi akathima zilembo zili pakati, vinyl yonseyo yapita. M'chilimwe mpukutu umasonkhanitsa magetsi a m'mpweya wouma amene amaimitsa makina pakati pa ntchito. Lumikizani waya kuchokera ku miyendo kupita ku thupi la makina, ndipo soketi yanu ikhale ndi waya wa earth wogwira ntchito.

Amisiri olemba zikwangwani,
Limbe