Kabichi wa pa Lizulu wandikumbutsa iwe

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ndi ana ku Johannesburg konko. Ife kuno tilipo, kungoti chisanu cha June chatilowa m'mafupa.

Dzana pochokera ku Lilongwe basi inaima pa Lizulu. Amayi anathamangira ku mawindo atanyamula kabichi, mitu yolimba gwa, masamba akunja ali biriwiri ngati angodula kumene kudimba. Ndinagula mitu iwiri, ndipo mtima unapita kwa iwe. Paja unandidandaulira pafoni kuti ana akukana masamba, iwenso kabichi unamulumbirira chichokereni ku sekondale.

Sindikukuda ayi. Kabichi wa kusukulu uja ankamuwiritsa mpaka kuyezuka, msuzi wake madzi okhaokha, fungo kumveka tili m'kalasi. Komatu cholakwika chinali kaphikidwe. Kabichi ali ndi vitamini C ndi vitamini K, ndipo amathandiza kuti munthu asadzimbidwe. Koma vitamini C amasungunukira m'madzi ndipo amawonongeka ndiwo zikakhalitsa pamoto. Soda ndiye usayerekeze n'komwe.

Ine ndimayamba ndatsuka masamba ndisanadule, kenako ndimaduladula timizere tating'onoting'ono. Masamba obiriwira akunja aja usataye, ndi amene ali ndi thanzi lambiri kuposa oyera am'kati. Kazinga anyezi ndi tomato m'mafuta pang'ono, thira kabichi ndi kamchere, vundikira kwa mphindi 5 kapena 7, basi phula. Osathira madzi, amatulutsa akeake. Ukamadya azimvekabe pang'ono pamano. Masiku ena ndimamutendera ndi nsinjiro, moto wochepa, kumatakasa kuti zisapserere pansi. Tsiku limenelo mwana wanga wamng'ono uja amakombeza mbale ndi mbamu yomaliza n'kufunsa ngati mumphika mwatsala.

Chinanso chimene ndimamukondera n'choti sapupuluma kufota. Bonongwe ukagula m'mawa, madzulo wagona kale, koma mutu wa kabichi umakhala sabata yonse pamalo pozizira, iwe n'kumangodulako. Kumeneko nkhwani ndi chisoso n'zosowa, pamene kabichi ali m'sitolo iliyonse. Chonde, ana asakule osadziwa masamba chifukwa cha mphika wa kusukulu uja.

Mtedza ndakazinga kale, mawa ndisinja. Nsinjirozo ndipatsira munthu wokwera basi ya Joni mwezi uno usanathe. Ukaphika undiimbire, ndimve kuti ana anena chiyani.

Moni kwa alamu.

Ndine mnzako wa kale uja.