Bwana DC, Kamdothi wathu wasungunukira mu holo yanu

Bwana DC,

Landirani moni wanga ndi ulemu wonse woyenera mpando wanu. Malonje sindichulutsa, ndinapereka kale kanayi konse kwa a mesenjala anu nditakhala pa benchi ya pakhonde ija, ndiye lero ndangoti ndilembe poyera kuti mwina wina akuwerengereni.

Ndine mmodzi wa gulu la zisudzo lomwe lakhala likuonetsa sewero loimba la Kamdothi mu holo ya khonsolo kuyambira mwezi wa Seputembala. Lamlungu likubwerali tionetsa komaliza basi tikutseka. Sikuti anthu atopa nalo ayi, mpaka sabata yathayi amayi amabwera ndi ana kumbuyo kuchokera kumidzi pa kabaza, ena kachitatu kachinayi, nyimbo zonse anaziloweza moti nthawi zina amatitsogolera ife eni ake. Tikutseka chifukwa cha denga lanu bwana.

Nthano ya Kamdothi mukuidziwa, palibe anakulira kuno osaimva pamoto. Mayi wosowa mwana anaumba mwana ndi dothi nakhala wamoyo, lamulo lake limodzi lokha, mvula isamupeze panja. Mitambo ikada mayi amaima pakhomo kumuimbira kuti athawe, iye n'kuthamangira m'nyumba, mpaka tsiku lomwe anakasewera patali. Seweroli si latsopano, anayamba ndi akuluakulu athu zaka za m'ma 1990 mu holo yomweyi, ndipo Kamdothi wa nthawi imeneyo ndinali ine, kamtsikana ka sitandade 5 kopanda nsapato. Aphunzitsi omwe anapeka nyimbo zake anatisiya kalekale, mapepala anadyedwa ndi chiswe, chomwe tinapeza ndi kaseti imodzi yolira ngati mphaka ndi mutu wa agogo athu oimba mbalule omwe pano maso akuvuta koma manja sanaiwale. Miyezi isanu takhala tikulumikiza, uyu akumbuka ndime iyi uyo akumbuka mavinidwe a apa, kukangana mpaka usiku kuti kodi chimtali chimalowa mayi asanaumbe mwana kapena ataumba. Ine pano ndakula, ndikusewera mayi ake, ndipo Kamdothi ndi mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 11.

Ndikuuzeni za Loweruka lija, chifukwa ku ofesi kwanu anangolemba kuti "kunadontha pang'ono".

Mwanayu timamupaka dothi la mtapo thupi lonse, lomwe amaumbira miphika lija, kuyambira kumaso mpaka kuzala zakumapazi, ndiye amakhala duu pa mpando kuseri pafupifupi ola lathunthu kuti liume, osaseka osakanda, likauma limachita ming'alu yokongola moti nyali zikamuwalira amaonekadi ngati chinthu choumba. Mvula ya m'sewero timapanga tokha, mnyamata wina amakhala kuseri kwa katani kumakhuthula mchenga pa lata pang'onopang'ono, atsikana awiri akugwedeza visekese. Tsikulo holo inadzaza mpaka ena anakhala pansi. Tafika pa ndime yomaliza, ine ndaima kutsogolo ndayamba kumuitana mwana wanga, ndikungomva phokoso la mvula lakula kuposa masiku onse, mumtima ndikuti mnyamatayu lero wathira mchenga wochuluka bwanji. Kenako dontho pa phewa. Kenako pamutu. Kuyang'ana kumwamba siling'i yotupa ija yatseguka, madzi akutsika ngati wina watsegula mpopi, ndipo akutsikira ndendende pomwe Kamdothi amayenera kudutsa.

Anthu anaomba m'manja bwana. Anaimba mfuu, nthungululu, akuganiza kuti ndi luso lathu, wina kumbuyo anakuwa kuti koma ana awa afikapo. Mwanayo nayenso sanaime, anaphunzitsidwa kuti sewero likayamba suima, analowa m'madzimo akuthamanga monga mwa masiku onse, dothi likuyenderera kumaso kulowa m'maso, siteji yasanduka matope, anaterereka n'kugwa chagada mutu kumenyetsa pa simenti. Nthawi yomweyo madzi anafika pa ekisitenshoni yomwe inali pansi, kunangomveka phuu, fungo la waya wopsa, holo yonse mdima. Ine ndikukwawa mumdimamo kufufuza mwana ndi manja, ndikugwira matope okhaokha, mawaya ali pomwepo m'madzi sindikudziwa ngati muli moto kapena ayi, anthu akupondana pa chitseko chimodzi chifukwa chinacho munachikhomera ndi matabwa chaka chatha. Ndinamupeza ndi kuwala kwa mafoni a anthu. Anali chete, maso ali tong'o, ndipo mawu oyamba omwe ananena ndi akuti "amayi aang'ono ndalakwitsa eti?"

Anamusoka kumutu usiku womwewo. Ali bwino, Mulungu ndi wabwino, ndipo akukakamira kuti Lamlungu asewera yekha, palibe wina avale dothi lake. Koma mchemwali wanga sanandilankhule masiku atatu ndipo sindimuimba mlandu. Ampulifaya ndi masipika awiri zinapsa, si zathu, tinabwereka kwa mnyamata woimbitsa pa maukwati yemwe pano akubwera kunyumba kwanga m'mawa uliwonse, mwaulemu ndithu, kungokhala pakhonde osanena kanthu. Ng'oma zonse zitatu zinamwa madzi, agogo aja akhala akuziwamba pamoto sabata yonse ndi kumata phula latsopano koma mbalule sikulira ngati kale, akuti chikopa chafa.

Zinazo ndingotchula mothamanga poti mukuzidziwa. Zimbudzi zinatsekedwa, anthu amapita kuseri kwa mpanda. Mipando yathyoka timabwereka mabenchi ku tchalitchi n'kunyamula pamutu. Mawindo alibe magalasi. Kawiri konse tafika ndi katundu yense n'kupeza holo yakongoletsedwa, akuti kuli ukwati, pomwe lisiti yathu ili m'manja ya tsiku lomwelo, wosunga makiyi n'kungoti pepani a ukwati analipira zambiri. Chipinda chovalira munasungamo matumba ndi mipando yakufa ya ku ofesi, atsikana amavalira kuseri kwa chitenje chogwiridwa ndi anzawo.

Musati sitinanene. Kalata yoyamba tinapereka tisanayambe n'komwe kuonetsa, dzuwa likuswa mtengo, nthawi yabwino yokwera padenga. Yachiwiri mu Okutobala. Yachitatu mvula yoyamba itagwa, tinaikamo ndi zithunzi za mabeseni asanu ndi limodzi omwe timatchera pa siteji. Mayankho ake ndawaloweza ngati nyimbo za m'sewero, bwana ali ku msonkhano kunyanja, fayilo ili kwa a zachuma, a zachuma akudikira a zomangamanga, a zomangamanga galimoto ilibe mafuta, holo yake yomwe ili kuseri kwa ofesi yanu, poyenda pansi mphindi zitatu. Sindikunena kuti inu simugwira ntchito ayi, ndikudziwa boma lino lili ndi milatho yokokoloka, zipatala zopanda mankhwala, anthu ogona ndi njala, ndipo wina akhoza kunena kuti mayi uyu akulirira masewero pomwe anzake akulirira chimanga. Ndamva. Koma ife sitikupempha ndalama ya chimanga. Holo ija imapanga ndalama yokha, Loweruka lililonse ukwati, Lamlungu m'mawa mipingo iwiri yosinthana, pakati pa sabata misonkhano ya mabungwe, zinkhoswe, ma bridal shower, ife tomwe timalipira tsiku lililonse lomwe taonetsa ndipo malisiti ndasunga onse mu envulopu. Ndalama imeneyi imalowa pakhomo liti n'kutulukira pakhomo liti, poti pa denga sinafikepo ngakhale ya msomali umodzi? Lamulo la maboma ang'ono la 1998 lija, lomwe ankatiimbira pa wailesi kuti mphamvu ku anthu, linapatsa makhonsolo mphamvu yotolera ndalama m'misika ndi malo ngati amenewa kuti zitukule pomwepo. Ife anthu ake ndi ife, mphamvuyo sitikuiona.

Ndipo tsiku lotsegulira munalipo inu nomwe, mlendo wolemekezeka, tinakuvekani duwa. Munaseka, pena ndinakuonani mukupukuta m'maso, pomaliza munagwira maiki n'kulonjeza kuti mvula isanagwe denga likhala litakonzedwa. Anthu anaomba m'manja. Chimodzimodzi a khansala nthawi ya kampeni analoza denga lomweli, chimodzimodzi a phungu, amene analipo ndi amene anabwera pambuyo pawo, onse amaimirira pa siteji yomweyi popempha mavoti chifukwa kulibe malo ena osonkhanira m'tauni muno.

Mwina ndikukwiya mopitirira chifukwa nkhaniyi ndinaionapo kale kwina. Ndili mtsikana malume anga ankanditenga pa basi kupita ku Blantyre kukaonera zisudzo ku French Cultural Centre pa Chichiri, Lamlungu masana, mzere wa anthu mpaka kumsewu. Ndi komwe ndinaonera Wakhumbata Ensemble Theatre ya Du Chisiza Jr, ndi Kwathu Drama Group anthu akuseka mpaka kugwa pa mipando. Afalansa atachoka mu 2011 malo aja anagwera m'manja mwa boma, anasintha dzina kukhala Blantyre Cultural Centre, akuba anazula zomwe akanatha kuzula, ndipo zaka zinatha ndi nyimbo ya tikonza tikonza. Ngati zinatero mu mzinda waukulu pomwe atolankhani ali pakhomo, nanga ife kuno? Du Chisiza anamwalira mu 1999, Gertrude Kamkwatira mu 2006, John Nyanga, Izeki uja, mu 2016, mnzake Eric Mabedi, Jakobo, mu 2021, maliro aliwonse akuluakulu amabwera ndi nkhata zamaluwa n'kunena kuti luso tilisamala. Ndondomeko ya dziko ya za chikhalidwe inavomerezedwa mu 2015. Anthu a zisudzo afikapo mpaka pamwamba, Du yemweyo anakhalapo nduna kumapeto kwa ulamuliro wa Kamuzu, a Michael Usi, Manganya wa Tikuferanji, anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, ndiye palibe anganene kuti zisudzo ndi zachibwana zosafikitsa munthu patali. Koma onsewo anayambira penapake, pa siteji ya sukulu, pa mpikisano wa zisudzo za m'masukulu a sekondale wa ATEM, mu holo ya fumbi ngati yathuyi. Mwana wa mchemwali wanga ayambira pati?

Komanso tikakhala ndi ntchito yanu mumatidziwa bwino. Kukabuka kolera, gulu la zisudzo libwere liphunzitse anthu kusamba m'manja. Katemera, kalembera, tsiku la Edzi pa 1 Disembala, foni imalira usiku kuti mawa mukhale mwakonza kasewero ka mphindi khumi nduna ikubwera, ndipo timabwera, padzuwa, n'kulandira fanta ndi banzi. Sitinakanepo.

Ndiye pempho langa ndi ili bwana, ndipo ndikupempha ndi manja awiri ngakhale mtima ukuwawa. Tumizani anthu akwere padenga lija mwezi uno, osati bajeti ya chaka chamawa, malata obooka ali mbali ya ku siteji ndipo kalipentala wa m'gulu lathu anawerenga, ndi 14, akuti iye ndi anzake akhoma ulere mukangogula malata ndi misomali. Mawaya a magetsi awaone munthu wodziwa ntchito asanaphe mwana wa munthu, lero ndi ife mawa ukhala ukwati wa mwana wanu. Chitseko chachiwiri chija chikhomoledwe. Zida za mnyamata zomwe zinapsa khonsolo itithandize kubweza chifukwa tinalipira holo osati dziwe. Ndipo mumate pa bolodi ya pakhonde panu pepala loonetsa ndalama zomwe holo yatolera chaka chino ndi komwe zapita, aliyense wodutsa aziwerenga. Yankho lanu likhale lolemba, losainidwa, za pakamwa takhuta nazo.

Sewero lokha latha, zimenezo sindikupempha kuti mubweze. Anyamata awiri oimba apeza maganyu ku Lilongwe, mtsikana wotsogolera nyimbo akulemba mayeso a fomu 4, agogo a mbalule anena okha kuti Lamlungu ndi komaliza kugwira ng'oma pagulu, ndipo ndalama yomwe tinkasunga kuti tikaonetse ku maboma oyandikana nafe yonse ikupita ku masipika. Zinatitengera zaka pafupifupi 30 kuti Kamdothi abwerere pa siteji ija, kaya adzabweranso ine ndili moyo.

Lamlungu tiyamba 2 koloko masana, mwadala, kuti tisadalire magetsi, tiimba ndi pakamwa pokha popanda maiki monga ankachitira akuluakulu athu. Tawaza mchenga pa siteji kuti mwana asaterereke, chilonda tachimanga bwino ndipo kumutu sitimupaka dothi. Polowa ndi ulere kwa aliyense amene anali ndi tiketi ya Loweruka lija. Inu bwana mpando wanu tasunga, mzere wakutsogolo, wachitatu kuchokera kumanja, pomwe timaika beseni lalikulu. Mukabwera tidzalisuntha pang'ono.

Ine wanu,
Mayi ake a Kamdothi