Za Kombi imene ukufuna kugulayo

Wokondedwa mwana wanga,

Zithunzi unatumiza zija ndaziona, ndipo amayi ako akuti kuyambira tsiku limenelo sindikusiya foni pansi. Sakunama. Kombi ya Volkswagen ya 1972, yagalasi limodzi kutsogolo, chitseko cham'mbali chochita kukoka. Yanga inali ya 1969, ndipo ndinayenda nayo zaka zisanu ndi ziwiri iwe usanabadwe. Wandifunsa ngati uigule kuti izikunyamulira katundu wa bizinesi. Sindikukaniza, koma uyambe wadziwa chimene ukulowetsa pakhomo.

Mu 1947 Ben Pon, munthu wa ku Netherlands amene ankagulitsa magalimoto a Volkswagen kwawoko, anaona kangolo ka injini kamene antchito a pa fakitale ya ku Wolfsburg, ku Germany, anadzipangira kuti azinyamulira zitsulo. Anatenga kabuku kake n'kujambula bokosi lokhala pa matayala anayi, woyendetsa kutsogolo kwenikweni, injini kumbuyo kwenikweni, katundu pakati. Zoyamba zinatuluka mu Malichi 1950 zili ndi injini ya Beetle ya 1131 cc, yamphamvu ya mahatchi 25 okha, komabe zinkasenza makilogalamu 750. Mu 1956 ntchitoyi anaisamutsira ku Hannover. Zoyambazo, zagalasi lakutsogolo logawa pakati, anasiya kuzipanga ku Germany mu 1967, ndiye kubwera kwa mtundu wakowu, umene unafika 1979. Ku Brazil anapitiriza mpaka Disembala 2013, pamene lamulo la dzikolo linalamula kuti galimoto zatsopano zizikhala ndi ma airbag, matumba a mpweya oteteza munthu pa ngozi, ndi mabuleki a ABS, amene samanga matayala ukaponda mwamphamvu. Kombi inalephera pamenepo. Nkhani imeneyi ndibwereranso.

Tsegula kachitseko kakumbuyo uone. Mulibe redieta, mulibe madzi. Pa chithunzi ndikuona injini ya 1600 cc: masilinda anayi ogona chammbali, awiri uku awiri uku, ndipo chimene chimawaziziritsa ndi mphepo yochokera ku fani imodzi. Faniyo imazunguliridwa ndi lamba mmodzi, yemweyo amene amazunguza chotchajira batire. Moyo wonse wa injiniyi uli pa lamba ameneyo.

Ndikukuuza zimene zinandionekera. Tsiku lina madzulo ndili ndi katundu wa munthu amene ankandidikira, kanyali kofiira kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Mumtima ndinati ndi za batire izi, ndikaona ndikafika. Injini ili kutali kumbuyo, sumva kuti lamba waduka. Sindinayende mtunda wautali. Fungo la oyilo wopserera linadzaza m'galimoto, mphamvu inayamba kutha, kenaka phokoso ngati wina wamenya chitini ndi nyundo, basi zii. Titaimasula tinapeza valavu ya silinda yachitatu itaduka mutu n'kuboola pisitoni. Ndinakhala miyezi iwiri osagwira ntchito, amayi ako ali ndi pakati pa mkulu wako. Kanyali kameneko kakayaka uziima pomwepo, ngakhale katundu akhale wa ndani, ndipo lamba wina ndi sipanala zake zizikhala pansi pa mpando nthawi zonse.

Silinda yachitatuyo inali kale ndi vuto pa injini ngati yanga, chifukwa choziziritsira oyilo chinali panjira ya mphepo yake, ndiye inkalandira mphepo yotentha kale. Kuyambira pa za 1971 anachisunthira pambali, nthawi yomweyo anaikanso mabuleki a disiki kutsogolo. Pamenepo yakoyo yaposa yanga. Koma uonetsetse kuti malata onse ozungulira injini alipo, pamodzi ndi labala wotseka m'mphepete. Amakaniko ena amawataya poganiza kuti ndi zokongoletsa, chonsecho ndi amene amatchinga kuti mphepo yotentha ya pansi isabwerere ku fani.

Injiniyi ilibenso fyuluta ya oyilo yonga ya galimoto za masiku ano. Ili ndi kasefa ka waya pansi, kuseri kwa kambale komangidwa ndi manati asanu ndi limodzi. Oyilo amalowa malita awiri ndi theka okha, ndipo ntchito yake ndi iwiri, kufewetsa zitsulo ndi kuchotsa kutentha, n'chifukwa chake sapirira. Pa makilomita 5,000 alionse umuchotse, utsuke kasefako, uyezenso mavalavu. Mpata wake ndi mamilimita 0.15, ndipo amayeza injini itazizira, m'mamawa isanalizidwe. Ine ndinkagona chagada pa katoni, kuzunguza injini ndi dzanja, kulowetsa kachitsulo koyezera mpaka kazidutsa mokanirira pang'ono. Ntchito ya ola limodzi. Ndimakudziwa, mwana wanga, manja ako ndi anzeru koma nthawi imakuchepera. Udzifunse moona ngati ola limenelo uzilipeza, chifukwa galimotoyi siisamalika ndi munthu wodikira kuti iwonongeke kaye.

Mapaipi a petulo usinthe onse tsiku loyamba, ngakhale akuoneka abwino. Thanki ili pafupi ndi injini, ndipo paipi yakale ikang'aluka petulo amadonthera pa zitsulo zotentha. Chozimitsira moto chizikhala poti dzanja lifike.

Injini imakonzeka, koma dzimbiri ndi limene limatha Kombi. Utoto wonyezimira pa zithunzipo sukundisangalatsa kwenikweni. Ukapite ndi sikuludilaiva ndi maginito. Ugwade, ubaye poikira jeke, m'munsi mwa zitseko, pansi popondapo woyendetsa, pokhala batire, ndi chitsulo chachikulu chogwira matayala akutsogolo. Pamene maginito akukana kumata, pamenepo anamatapo phala n'kupenta. Chitsulo chakutsogolocho chikakhala chofumbwa, uwathokoze eni ake n'kubwerera.

Tsopano za ku Brazil zija. Ukakhala pa mpando uyang'ane pamene pali mapazi ako. Pakati pa mawondo ako ndi galimoto ya mnzako pali lata ndi bampala basi. Ikakhala yopanda katundu, mphepo yam'mbali imaikankha ngati bokosi lopanda kanthu, ndipo lole ikakudutsa umachita kulimbana ndi chiwongolero. Katundu uzinyamula, koma olemera azikhala pakati, pansi, omangidwa bwino. Adzukulu anga okha ndiye ayi. Apa sindikupereka maganizo, ndikupempha monga kholo: asamakwere kutsogolo kwa galimoto imeneyi, ndipo ulendo wautali azikwera ina.

Usapereke ndalama ndisanaione. Ndibwera Loweruka, kachitsulo kanga koyezera mavalavu ndakapeza m'bokosi la zida. Uwauze ogulitsawo kuti asailize m'mawa umenewo, ndikufuna ndiimve ikudzuka itazizira, ndionenso utsi wake woyamba. Amayi ako akupereka moni kwa onse kunyumbako.

Ndine,
Bambo ako