Dandaulo pa lamya ndi wailesi ya kanema ya apongozi anga

Kwa Mkulu Woona za Madandaulo a Makasitomala,

Bwana kapena Dona,

Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala. Mukamayang'ana uku ndi uku kufuna wokumasulirani, mudziwe kuti ndi mmene apongozi anga amamvera akaimba lamya ku kampani yanu. Ya Chingerezi ili pansi pake, musade nkhawa.

Ndine Mmalawi, ndinakwatiwa kuno ku Caernarfon, m'dera la Gwynedd ku Wales, komwe kalembera wa 2021 anapeza kuti anthu 64 mwa 100 alionse amalankhula Chiwelshi. Apongozi anga, omwe ana anga amawatcha Nain (agogo aakazi m'Chiwelshi), ali ndi zaka 86. Matenda oiwalaiwala akuwalanda Chingerezi pang'onopang'ono, ndipo chatsala ndi chinenero choyamwira, Chiwelshi.

Mu October 2024 munawadulira lamya yakale n'kuwalumikizira yodzera pa intaneti. Kalata yodziwitsa inabwera m'Chingerezi chokhachokha, ndiye iwo anaipinda bwinobwino n'kuisunga m'Baibulo. Palibe anawafunsa za kabatani kamene amavala m'khosi koitanira chithandizo akagwa. Palibenso anatchula zoti lamya yatsopanoyi imafa magetsi akazima.

Tinadziwira pa mkuntho wa Darragh, mu December chaka chomwecho. Magetsi anathima masiku awiri. Nditafika kwawo ndinawapeza atakhala kukhitchini, atafunda bulangeti, lamya ili kukhutu, akungoti "Helo? Helo?" Kabatani kaja anali atakadina mpaka chala kufiira. Akanagwa usiku umenewo, bwenzi tikunena zina. Chikhalirecho Ofcom, bungwe loyang'anira makampani a lamya ndi mawailesi, imati kasitomala wodalira lamya ya m'nyumba apatsidwe njira yoimbira 999 kwa ola limodzi kapena kuposa magetsi akazima, ndipo mu December 2023 makampani akuluakulu a lamya analonjeza boma kuti sadzasamutsa munthu wovala kabatani koteroko asanaonetsetse kuti kakugwira ntchito. Batire loti lamya izigwirabe ntchito magetsi akazima ife sitinalionepo.

Ndaimba kasanu pa nambala yanu ya Chiwelshi, iwo ali pambali panga, poti akaunti ndi yawo ndipo mumafuna mawu awo. Timadikira mphindi 40, kenako amayankha ndi wa Chingerezi, amvekere wa Chiwelshi sanabwere lero. Akawafunsa tsiku lobadwa, Nain amangondiyang'ana, manyazi ali tho, mayi amene anaphunzitsa ana kusukulu zaka zambirimbiri. Pa intaneti ndiye n'chiphamaso: tsamba loyamba ndi la Chiwelshi, koma ukangolowa pa bilu kapena pokambirana ndi wothandiza, zonse zatembenuka Chingerezi. Kukolopa pakhonde, m'nyumba muli zinyalala.

Nanga kabokosi ka kanema mwawapatsaka? Kale ankangodina 4, S4C, tchanelo ya Chiwelshi, yatulukira, n'kumaimba nawo nyimbo za kutchalitchi. Pano aidutse m'mamenyu atatu, ndipo S4C Clic, njira yoionera pa intaneti, mulibemo. Mwina kwa inu ndi tchanelo wamba. Kuno anthu anachita kuivutikira. Malemu amuna awo anali m'gulu la okana kulipira laisensi ya kanema, ndipo mu 1980 Gwynfor Evans, wandale wa kuno ku Wales, anaopseza kuti adzikaniza chakudya mpaka imfa boma la Margaret Thatcher likapanda kusunga lonjezo lake lokhazikitsa tchanelo ya Chiwelshi. Boma linagonja, S4C inayamba kuulutsa pa 1 November 1982. Lero mayiyu alephere kuipeza m'nyumba mwake momwe?

Wantchito wanu wina anandiuza mosapsatira kuti lamulo silikukakamizani. Sananame kwenikweni. Lamulo la 2011 linapatsa Chiwelshi udindo wa chinenero cha boma ku Wales, ndipo makhonsolo, zipatala ndi apolisi amatsatira miyezo yake. Makampani a lamya anatchulidwamo, koma miyezo yawo sinakhazikitsidwebe. Za mawailesi ndi mauthenga zimalamulidwa ku London, osati ku Senedd, nyumba ya malamulo ya Wales, ku Cardiff. Mwabisala m'mpata umenewo. Koma nambala ya Chiwelshi munailengeza nokha pamene munkafuna ndalama zathu, ndipo mwezi ndi mwezi mumazitenga osaphonya. Boma la Wales likufuna olankhula Chiwelshi akwane 1 miliyoni pofika 2050. Kaya azidzalankhula ndi ndani ngati makampani akuchita chonchi.

Ndikupempha kuti mutumize munthu wodziwa Chiwelshi adzaike batire ndi kuyesa kabatani kaja ine ndikuona. Mabilu ndi makalata onse azibwera m'Chiwelshi, S4C ibwerere poyera, ndipo ndalama za miyezi imene chitetezo chawo chinali chosadalirika mubweze. Mulembenso dzina langa pa akauntiyo kuti Nain asamazunzike ndi mafunso.

Yankho ndikulifuna lolembedwa pasanathe masabata awiri. Mukapanda kutero nkhaniyi ndiitengera kwa mkhalapakati wovomerezeka ndi Ofcom, ndipo Komishonala wa Chinenero cha Chiwelshi ndi phungu wathu alandira kope lawo. Nambala ya akaunti ndi masiku onse amene ndinaimba zili pa pepala lachiwiri.

Ndine,
Mpongozi wa kasitomala wanu,
Caernarfon