Kalata yochokera ku Joni: za kabokosi kolankhula ka adona

Johannesburg

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko ku Kawale. Kuno ine ndili bwino, kungoti kwayamba kutentha ndipo madzulo ambiri kukuchita mabingu oopsa. Majakaranda achita maluwa m'misewu yonse ngati mmene amachitira kwathu ku Lilongwe nyengo ino. Nanga mwendo uja ukuvutabe? Mankhwala opaka ndawakulunga m'bulangete lomwe labwera ndi kalatayi, muyalule mosamala angagwe.

Mwina mukudabwa kuti ndalemberanji kalata pomwe timalankhula pa WhatsApp Lamulungu lililonse. Nkhani ndili nayoyi ndi yaitali, bandulo ikanatha tisanafike ndi pakati pomwe. Komanso ndikufuna mphwanga amene akukuwerengeraniyu aiwerengenso payekha, chifukwa mbali ina ndi yake.

Paja ndinakuuzani kuti adona omwe ndimawagwirira ntchito anagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anatuluka m'chipatala, koma akuyenda ndi chogwirira. Adutsa zaka 80, amuna awo anamwalira kalekale, ana ali kutali. Nyumbayo ndi yaikulu, ndipo ine ndimagona kuseri, m'kachipinda komwe kwathu timati boyizikota. Atakuwa usiku sindingamve. Foni ali nayo, koma zala zimanjenjemera, kutchaja amaiwalanso.

Pakhoma la kukhitchini pali kabokosi kotuwa, kokhala ndi timabowo ngati sefa ndi mabatani pansi pake. Zaka zonsezi ndinkangokapukuta fumbi. Amakatchula kuti intercom. Kena kofanana nako kali pafupi ndi bedi la adona, ndipo tiwiri tating'ono tili kugeti ndi kuchipinda kwanga. Ukadina batani n'kulankhula, mawu amayenda pa waya n'kukatulukira kwinako, popanda netiweki kapena mayunitsi. Ndi ka Aiphone, kampani ya ku Nagoya ku Japan yomwe inayamba mu 1948. Amuna a adona anatiika timabokosi timeneti m'zaka za m'ma 1970 atangomanga nyumbayo. Nditamva zimenezo ndinakumbuka agogo aamuna, kuti nthawi imeneyo anali atangobwera kumene kuchokera ku Theba, paja Kamuzu analetsa anthu kupita kumigodi mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ambiri.

Mwana wawo wa ku Cape Town anafuna kugula chamakono chokhala ndi kamera, choyendera intaneti. Adona anakanitsitsa, ati chimene anaika amuna awo chisachoke pakhoma. Anaitana katswiri wina, anangosuzumira mphindi zisanu, nati zipangizo zake sizipezekanso, n'kulipiritsa ya mafuta a galimoto. Ine ndinapempha kuti andipatse Loweruka limodzi ndiyese. Anakwana atatu.

Amayi, mukukumbuka mmene bambo ankachitira munthu akabwera ndi wailesi pakhonde paja? Sankathamangira sikuludiraiva. Ankaiyatsa kaye, n'kupendeketsa mutu, ife n'kutikhazika chete. Ndinachita chimodzimodzi. Kabokosiko kanangoti ng'uuu ngati njuchi m'mphako, mawu osamveka ngakhale pang'ono, ndipo ndinadziwiratu kuti ndi kapasita. Mphwanga, iwe ukuzidziwa izi, koma uwafotokozere amayi. Magetsi a pakhoma, kuno ngakhalenso kwathu, ndi mavolti 230, ndipo amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi. Transifoma imawatsitsa, madayodi n'kuwawongola kuti aziyenda mbali imodzi, koma amatulukabe modukizadukiza ngati mpopi wa madzi m'mawa. Kapasita ili ngati ndowa yomwe watchera pansi pa mpopiwo, iwe n'kumatunga mwakachetechete mavolti 12 osalala. M'kati mwake muli timadzi, ndipo pakapita zaka timauma. Ikauma, kudukiza kuja kumakafika mu sipika, ndiye kulira kwa njuchiko.

Nditatsegula ndinapeza yaikulu yatupa pamwamba, m'munsi mwake mwatuluka zofiirira ngati shuga wopserera. Ndinajambula kaye ndi foni waya aliyense pomwe walowa ndisanamasule kalikonse, chifukwa mitundu ya mawayawo inafwifwa, wofiira ndi wa bulauni osasiyanitsika. Makapasita ndinasintha onse, ngakhale ooneka abwino, poti ndi amsinkhu umodzi. Yakale ya 1000 microfarad inali ngati chala changa chachikulu, yatsopano ya nambala yomweyo sikufika ndi theka lomwe. Mtengo wa zonse pamodzi sunapose wa nkhuku imodzi.

Koma ndisaname kuti zinayenda bwino zonse. Kapasita ili ndi mzere m'mbali wosonyeza mwendo wa negativu. Imodzi ndinaiwotcherera chotembenuza, chifukwa chothamangira kuti ndimve mawu dzuwa lisanalowe. Nditayatsa, sipanapite nthawi, phuu! Ngati khombola la pa Khrisimasi, timapepala kuuluka khitchini yonse. Adona kuchipinda anakuwa kuti ndigone pansi, poganiza kuti ndi mfuti. Kuno anthu sachedwa kuganiza zimenezo. Ndinachita manyazi kuwauza kuti mfutiyo ndine ndemwe.

Chokwezera mawu chinkakanda ukachipotoza, ndinachipopera mankhwala otsukira zamagetsi chinasiya. Bambo ankangogwiritsa sipiriti ndi nthenga ya nkhuku. Kugeti, mavu anamanga nyumba yawo ya dothi m'kati mwenimweni mwa kabokosi, pepala la sipika litang'ambika ndi mvula ndi dzuwa. Ina yolingana nayo kukula ndi nambala ya ma ohm ndinaipeza kwa mkulu wina wogulitsa zamagetsi zakale.

Chomwe chinanditulutsa thukuta ndi waya wopita kuchipinda kwanga. Ndinapota nsonga ziwiri pamodzi kuchipindako, n'kukayeza ndi mita kukhitchini. Waya akakhala wamoyo mita imalira. Sinalire. Ndiye kukwera m'siling'i masana, kukwawa pamitanda ndi tochi kukamwa, kutentha ngati mu uvuni wa njerwa. Ndinakapeza pomwe makoswe anatafuna, pafupi ndi thanki ya madzi otentha pomwe amakonda kugona. Ndinalumikiza, ndinatsika ndili mbuu ngati ndachokera kuchigayo.

Tsopano apa ndi pomwe pali nkhani imene sindikanatha kuinena pa foni. Kabokosi kakang'ono kalibe maikolofoni yakeyake. Sipika yomwe imatulutsa mawu ndi yomwenso imawatola, chifukwa pepala lija likagwedezeka ndi mawu a munthu limapanga timagetsi tochepa tomwe timabwerera pa waya. N'chifukwa chake pa chipangizo chimenechi salankhula anthu awiri nthawi imodzi, ndipo amene ali pa bokosi lalikulu ndi amene amasankha kuti tsopano alankhule ndani. Nditamaliza kulumikiza ndinadina batani la kuchipinda kwanga ndili kukhitchini, kungofuna kuyesa. Ndinamva wailesi yanga yomwe ndinaisiya ikulira. Ndinamva mpopi wa pasinki panga ukudontha, tho, tho. Kuchipindako kunalibe munthu woti adine kalikonse, ndiponso palibe kanyali kapena kabelu koti kakudziwitse kuti wina akumvetsera.

Ndinakhala pansi pakhitchinipo. M'chipinda chimenecho munagona anthu ambiri ine ndisanabwere, kuyambira nthawi ya tsankho, 1994 isanafike, pomwe wantchito wakuda sankaloledwa kukhala ndi banja lake m'madera a azungu. Mayi wina anakhalamo zaka zambiri, mpaka pano misomali yomwe ankapachikapo zinthu zake ilipo. Kupemphera kwake, kulira kwake, mlendo wobwera mobisa usiku, zonse zikanatha kumveka kukhitchini kwa aliyense wofuna kudina batani. Kaya ankadina kaya ayi, ine ndinangoona kuti ndi manja anga ndadzitsegulira khutu la eni nyumba pamutu pa bedi langa.

Ndinaganiza usiku wonse, m'mawa n'kukawauza adona mwaulemu. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pawindo. Kenako anati ndichite chimene ndikuona kuti n'choyenera. Sindinawafunse zambiri, nawonso sanawonjezere.

Ndinaika madayodi awiri oyang'ana mosiyana pa waya wa sipika yanga, ndi kabatani pambali pake. Dayodi siyilola magetsi ofooka kwambiri kudutsa, imafuna opitirira pang'ono theka la volti. Mawu a adona amabwera ndi mphamvu kuchokera ku bokosi lalikulu, ndiye amadutsa, ngakhale amamveka okhakhala pang'ono ngati a munthu wa chimfine. Anga, omwe sipika imangotola, sadutsa mpaka nditadina kabataniko ndekha. Mphwanga, ujambule zimenezi papepala uone ngati ukuzimvetsa, ukandiuze Lamulungu. Pomaliza ndinalumikiza zonse ku kabatire ka mavolti 12 ndi chotchajira chake, konga ka alamu yochenjeza za akuba m'nyumba, kuti magetsi akathima adona asakhale opanda poitanira.

Usiku woyamba, cha m'ma 2 koloko, ndinadzidzimuka ndi mawu pakhoma akutchula dzina langa. Ndinadumpha kufuna nsapato. Ati palibe vuto, amangofuna kudziwa ngati chikugwiradi ntchito. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi. Tsopano amaitana kamodzi cha m'ma 9 kundiuza kuti amwa mankhwala, ine n'kudina kuwayankha kuti agone bwino.

Iwe mphwanga, ndamva kwa alamu kuti ukufuna kusiya kosi ya zamagetsi ku Lilongwe Technical College kuti ukwere basi ubwere kuno. Usatero. Pa ngodya za misewu kuno m'mawa uliwonse pamaima anyamata, ena a kwathu komweko, atanyamula zikwangwani zolembedwa penta kapena pulasitala, kudikira galimoto yoti iime. Ambiri amabwerera osagwira kanthu. Ine kabokosi kameneka kandikwezetsa malipiro, mwana wa adona atamva mawu a mayi ake akulamula kugeti, ndipo nyumba ziwiri za mumsewu mwathu zandiitana kale kukaona ma intercom awo. Zonsezo ndi zomwe ndinaphunzira pogwirira bambo tochi. Iwe udzakhala ndi zomwezo kuwonjezapo pepala. Ndipo ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 kuli mageti amagetsi ndi ma intercom ambirimbiri omwe amafa ndi mphezi dzinja lililonse. Maliza kaye, za ulendo tidzakambirana pamaso.

Amayi, ndamvanso kuti pali munthu akufuna kugula bokosi la zipangizo la bambo. Chonde musagulitse, ngakhale atanena ndalama zingati. Ngati ndi vuto la ndalama mundiuze ine. Mita yawo ya singano ija ndi chitsulo chowotcherera mum'patse mphwanga azigwiritsa ntchito, koma kope lawo lachikuto chofiira lomwe ankajambulamo mawaya a mawailesi mum'patse transipota amene wabweretsa kalatayi pobwerera. Mulikulunge mu jumbo, chifukwa katundu amanyowa panjira ya ku Tete mvula ikayamba.

Ndalama ndatumiza pa Mukuru monga mwa nthawi zonse. Muyambe mwagula feteleza wa kumunda ku Mitundu mvula isanagwe, yotsalayo ndi ya fizi ndi ya mwendo wanu. Nsapato zakuda ndi za mphwanga, nsalu ndi yanu, maswiti mugawire ana a achemwali koma musawapatse onse tsiku limodzi.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa achemwali ndi alamu, ndi kwa amayi a kumvano omwe amadzakuonani.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni