Zikomo a National Archives, mwandionetsa komwe polisi ya ku Zomba inachokera

Kwa abwana ndi nonse ogwira ntchito ku National Archives of Malawi, Zomba,

Ndati ndilembe poyera kuti ena aone nawo, chifukwa zikomo wapakamwa amathera pa geti pomwepo. Mwandithandiza kwambiri pofufuza mbiri ya polisi ya mu Zomba muno, ndipo mwandithandiza mwaulemu ngakhale ine si pulofesa kapena wolemba mabuku ayi, ndine mdzukulu chabe wa munthu amene anali wapolisi nthawi ya atsamunda. Chomwe ndinali nacho mmanja ndi chithunzi chakale cha agogo atavala kabudula wa khaki, nsalu zokulunga mmiyendo zija, wezulo pachifuwa, nkhope ili gwa ngati awauza kuti akaseka achotsedwa ntchito.

Mayi amene anandilandira sindiwatchula dzina poti sindinawapemphe, koma akudzidziwa okha. Anandiuza kuti cholembera cha inki chibwerere mchikwama, muno ndi pensulo basi, kenako anabweretsa mafayilo omanga ndi kachingwe, mapepala ake ofiirira onunkhira fumbi moti umachita kutsegula ndi mantha kuti angakuthetheke mmanja. Anandiuzanso chilungamo koyambirira komwe kuti ndisayembekeze zambiri pa dzina la agogo, chifukwa mmalipoti a chaka ndi chaka mabwana achizungu ndi amene amalembedwa maina ndi ma rank awo, pomwe ma constable achikuda nthawi zambiri amangowerengedwa kuti alipo angati. Zinandiwawa koma zinali zoona, nde mmalo mwa dzina ndinapeza dziko lomwe ankagwiramo ntchito.

Ife okulira kuno polisi timaidziwa ndi Police Camp, Police College, chipatala chawo chija, komanso zothamangitsana ndi ana a Chancellor College (Chanco) kukakhala zionetsero, utsi okhetsa misozi mpaka kumveka kumsika. Ambiri timaganiza kuti nkhani ya polisi ndi ma student inayambira limodzi, pomwe polisi inafika kale kwambiri koleji isanabwere. Nyasaland Police inakhazikitsidwa mu 1921 likulu lake lili konkuno ku Zomba, mkulu wake oyamba anali Major F. T. Stephens, ndipo Chancellor College inadzasamuka ku Chichiri kubwera ku Chirunga mu 1973, patapita zaka zoposa 50. Isanabwere polisi imodziyi DC aliyense pa boma pake anali ndi asilikali akeake omwe ntchito yawo yaikulu inali kusaka anthu osakhoma msonkho wa nyumba, ndipo zimene anachita John Chilembwe mu 1915 zinawadzidzimutsa azungu kuti dongosolo lawolo silimawauza zomwe anthu akukonza kumidzi. Ambiri olembedwa ntchito poyamba anali oti achoka ku nkhondo ndi KAR, gulu la asilikali a atsamunda la King's African Rifles, nzosadabwitsa poti Cobbe Barracks ili pompano, nde upolisi wake unali wa chisilikali, wa perete ndi kumvera lamulo, osati wokhala pansi kumva dandaulo la mayi amene amubera mbuzi.

Apa mpomwe ndikufuna kukuyamikirani kwenikweni, simunandibisire mbali yonyansa. Mukanatha kungondipatsa zithunzi za bandi ya polisi ndi ma perete nkundiuza kuti ndi zomwezo, koma munandilozera za 1953 pomwe ku Thyolo kunavuta pa nkhani ya malo ndi thangata, zimene zinabala Police Mobile Force, a PMF omwewa timawaopa mpaka lero. Munandilozeranso za State of Emergency ya pa 3 March 1959 pomwe anthu a chipani cha Nyasaland African Congress anagwidwa mbandakucha, ndi lipoti la komiti yofufuza ya Devlin limene linanena mosapsatira kuti Nyasaland nthawi imeneyo inali dziko lolamulidwa ndi polisi. Ndikuwerenga ndimangoganiza kuti agogo anga anali mbali iti ya chitseko mmawa umenewo, ogogoda kapena ogona mkati, ndipo yankho lake ndikulidziwa, anavala yunifolomu. Kunyumba ankangotiuza za mmene nsapato zawo zinkawalira basi.

Ufulu utabwera mu 1964 mkulu wa polisi anakhalabe mzungu kwa zaka zingapo mpaka pamene a Mac Kamwana anatenga mpando ngati Mmalawi oyamba, ndipo boma litasamukira ku Lilongwe mu 1975 likulu la polisi nalo linatsatira, lero lili ku Area 30. Zomba inatsala ndi koleji ya polisi, likulu la chigawo chakummawa, ndende yaikulu ija ndi Mikuyu, kuphatikiza yunivesite yodzaza achinyamata okonda kufunsa mafunso, nde mukuona nokha kuti polisi ndi yunivesite kukhala tauni imodzi yaing'ono chonchi zinayenera kugundana. Apolisi achinsinsi a Special Branch ankadziwa zokambidwa mkalasi. A Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chanco, anagwidwa ku Gymkhana Club mu 1987 nkukakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse. Mu March 1992 ma student anaguba kugwirizana ndi kalata ya mabishopu a Katolika ija ndipo koleji inatsekedwa. Ngakhale nthawi ya matipate zinachitikanso, mu February 2011 Inspector General Peter Mukhito anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa pa Chanco, kukawafunsa za chitsanzo chomwe anapereka mkalasi chokhudza Tunisia ndi Egypt, aphunzitsi ananyanyala ndipo maphunziro anaima miyezi yambiri, ochita ma geni ku Chikanda ndi eni ma hostel ndi amene angakuuzeni bwino mmene chaka chimenecho chinawawira. Za 2011 zi ndinaziona ndekha, sindinafune fayilo, koma nditawerenga zakale zija mpomwe ndinamvetsa kuti chizolowezi chake nchakale.

Sindikunena kuti palibe chasintha ayi. Dzina linachoka pa Force kukhala Service, kunabwera community policing, kuli Victim Support Unit komwe mayi omenyedwa amakhala pampando nkumvedwa, zomwe pa nthawi ya agogo sizikanalotedwa nkomwe. Ndikanakonda ma cadet a ku Police College asanalandire ma rank azibwera kwanuko ngakhale tsiku limodzi adzawerenge mafayilo omwe ndawerenga ine, mtunda wake ndi woyenda pansi, ndipo ma student a History pa Chanco nawo asamangodalira Google pomwe chuma chili pakhomo pawo, ku Archives yomwe ilipo kuyambira 1947.

Pempho langa kwa akuluakulu a ku unduna ndi loti akupatseni ndalama zokwanira zoika mapepalawa mu kompyuta, ena ayamba kudyeka mmphepete ndipo chinyezi cha Zomba mukuchidziwa nokha. Ndibweranso ndi mayi anga, akufuna adzaone ndi maso awo lipoti la chaka chomwe bambo awo analowa ntchito, nde muwakonzere mpando wapafupi ndi windo poti maso anayamba kuvuta.

Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni pa ntchito yanu.

Ine wanu,
Mdzukulu wa constable, Chinamwali